A Sandalamu ndi Mabelu a ku Kawale

A Sandalamu tinawaika m'manda mwezi watha, mvula isanayambe. Anthu anabwera ndithu, koma osati monga mmene amabwerera pa maliro a munthu amene wakalambira pamalo amodzi. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Mumzere wathu uno ku Kawale, ngakhale m'mizere yoyandikana nawo, palibe nyumba yakale imene mwini wake sanakanganepo ndi a Sandalamu. Ndipo mkangano wake unali umodzimodzi chaka ndi chaka: heji, mpanda wa maluwa.

Ine ndinawapeza ali ndi imvi kale, pamene ndinakwatiwa pa puloti yoyang'anizana ndi yawo. Tsiku loyamba kundilankhula sanandifunse kumudzi kwathu kapena mpingo umene ndimapemphera. Anaima panjira, khasu lili paphewa, n'kuloza kachitsamba ka maluwa achikasu kamene kanali pafupi ndi bafa lathu.

"Mayi, muli ndi ana?"

"Pakadali pano ayi, bambo."

"Abwera. Mundilole ndichotse ichi asanabwere."

Apongozi anga ndi amene anayankha ali pakhonde, osadzuka n'komwe. "Mwayambanso, a Sandalamu? Musiyeni mkamwana wanga apume, wangofika kumene." A Sandalamu anavula chipewa, n'kupepesa, n'kumapita. Mawa lake anabweranso.

Chitsamba chimenechi ife timangochitcha mabelu, chifukwa duwa lake limaoneka ngati kabelu kozondoka. A Sandalamu ankadziwa dzina lake lachizungu, ankati oliyanda wachikasu, ndipo ankanena kuti si mtengo wa kuno, unachita kubwera kuchokera kutsidya kwa nyanja zazikulu. Masamba ake ndi aatali, owonda, onyezimira ngati apakidwa mafuta. Duwa lake silitseguka lonse, limakhala ngati lapotoka pang'ono. Likayoyoka pamabwera kachipatso kobiriwira ka ngodyangodya, kamene kamada kakapsa, ndipo m'kati mwake mumakhala chigoba cholimba chosunga njere. Ukathyola tsamba kapena nthambi, pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Anthu amalikonda duwali chifukwa silivuta. Silifuna kuthirira. Chiswe sichilikhudza. Mu Okutobala, Kawale yense atayera ndi fumbi, ilo limakhala lili biriwiri, maluwa ali mbwee. Mbuzi nazo zimangolinunkhiza n'kudutsa.

Pa mbuzipo ndi pamene a Sandalamu ankayambira ulaliki wawo. Ankati mbuzi ya m'tauni imadya makatoni, imadya majumbo, imadya sopo, ndiye chinthu chimene yachikana munthu aziyamba wadzifunsa. Ankati mumtengowu mulibe malo abwino: tsamba, khungwa, muzu, duwa, zonse ndi ululu, koma mfumu yake ndi njere. Ululu wake suthera m'mimba ngati wa chakudya chowola, umapita kukagwira mtima n'kuusokoneza kugunda kwake. Zimenezi tinazimva mpaka tinaziloweza, ndipo ana ankawayeseza akadutsa, mawu ake ndi kayendedwe komwe.

M'mawa uliwonse ankatuluka atavala majombo odulidwa m'mwamba ndi ovolosi yotuwa. Manja ankakulunga m'majumbo. Ankayenda m'mbali mwa msewu akutola zipatso zakugwa n'kumaponya m'thumba la saka, ndipo akabwerera ankakakhuthulira m'chimbudzi chokumba. Kuwotcha ankakana, ankati utsi wake nawo ndi woipa. Akaona mayi akuthyola nkhuni pa heji wouma ankamulanda, n'kukamutengera nkhuni zina kunyumba kwawo. Anyamata owotcha kanyenya kumsika ankawayang'ana timitengo totungira nyama kuti tachokera kuti. Ena ankawaseka, ena ankawatukwana. Iwo sankabwezera, ankangoima pomwepo mpaka munthu atope.

Amene ankalimbana nawo kwambiri anali a Nachisale, mayi amene ankathandiza anthu ndi mankhwala azitsamba kumunsi kwa mzere wathu. Iwowa ankagwiritsa ntchito utomoni wa mabelu kupaka pa chipere ndi pa njerewere, ndipo ankati anthu amachira. A Sandalamu sankatsutsa zoti ena amachira. Chimene ankadandaula n'choti mwana wopakidwayo adzakanda pamutu n'kuika chala m'kamwa kapena m'maso. A Nachisale ankawayankha kuti ngakhale mpeni umacheka, koma palibe amene amayenda m'makomo kulanda mipeni. Anakangana choncho zaka zambiri, pa mjigo, pamaliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Panalinso anyamata ena ochokera ku Chinsapo amene ankabwera kudzatola zigoba zouma kuti akapange maseche omanga m'miyendo povina. Amenewo a Sandalamu ankawalola, koma ankawakhazika pansi kuti achotse njere zonse iwo akuona. Azibambo ena ankasinja njerezo kuti aphere makoswe. Amenewo ndiye sankafuna n'kuwamva komwe.

Nthawi ina a Sandalamu anachita zopitirira. A Kaphale, landilodi wa nyumba za lendi kuseri kwathu, anapita kumaliro ku Dedza, ndipo pobwera anapeza heji yense wa kutsogolo atazulidwa, maenje okhaokha. Malendi awo akusamba poyera. Nkhani inakafika kwa akuluakulu a m'dera, ndipo anagamula kuti a Sandalamu amange mpanda wina m'malo mwake. Anaumanga, wa udzu ndi nsungwi, wooneka bwino. Sipanapite nthawi, mbuzi zinaudya wonse. Anthu anaseka mpaka misozi. A Kaphale anadzalanso mabelu pomwepo, ndipo alipo mpaka lero.

Zimene ine sindinkadziwa masiku amenewo n'zoti mabelu onsewa anawadzala ndi a Sandalamu omwe.

Apongozi anga ndi amene anandiuza, tsiku lina tikusankha nyemba. A Sandalamu anabwera ku Lilongwe ali mnyamata kuchokera ku Ntcheu, nthawi imene mzinda unkamangidwa. Anapeza ntchito ku nazale ina imene inkafesa mitengo ndi maluwa odzala m'misewu ndi m'nyumba za mabwana. Akaweruka ankabwerera ku Kawale kopanda mthunzi, kopanda mpanda, nyumba zikungoyang'anana, mayi akamatuluka m'bafa mzere wonse ukumuona. Njerwa zomangira fensi anthu analibe. Ndiye anayamba kubwera ndi njere m'matumba a ovolosi, kuzifesa m'zitini kuseri kwa nyumba, n'kumagawira aliyense. Sankalipiritsa. Ankabwera okha kudzakumba, kudzadzala, ndipo Loweruka ankadutsa ndi sizasi yaikulu kudzameta kuti heji akhale wolingana. Apongozi anga ankati masiku amenewo kunalibe munthu wokondedwa ngati iwo. Paukwati uliwonse ankakhala kutsogolo. Azimayi ankawatumizira mbale.

Heji woyamba ndi wokongola kuposa onse anamudzala kwa mnzawo wa ponda apa m'pondepo, Che Ajibu. Awa anali Msilamu wochokera ku Mangochi, ankakhoma zidebe ndi mbaula pakhonde la nyumba yawo, nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Madzulo aliwonse awiriwa ankasewera bawo. Che Ajibu ndi akazi awo, Abiti Saidi, anakhala nthawi yaitali opanda mwana, kenaka anabereka mtsikana, Asiyatu.

Zinachitika m'chilimwe, mwanayo asanayambe sukulu. Ana ankasewera masanje kuseri kwa heji, Asiyatu ndiye anali mayi wa nyumba. Anatola zipatso zakudazo, kuswa zigoba ndi mwala, n'kupeza njere zoyera zooneka ngati mtedza. Anagawira anzake pa tizivindikiro ta mabotolo. Anzakewo atalawa analavula chifukwa zinali zowawa. Iye, poti ndi amene anaphika, anatafuna n'kumeza kuti aonetse ana ake kuti ndiwo zake n'zabwino.

Dzuwa litapendeka anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Abiti Saidi anaganiza kuti ndi malungo, anamugoneka pamphasa n'kumamupukuta ndi nsalu yonyowa. A Sandalamu anafika kuchokera kuntchito monga mwa masiku onse, kuti ayambe bawo. Asanakhale pansi anaona zigoba zoswedwa pafupi ndi mwala, ndi tizivindikiro tija titandandalikidwa bwinobwino. Akuti sanapereke n'komwe moni. Analowa m'nyumba ya eni ndi nsapato, anagwada, n'kuika khutu pachifuwa cha mwana. Mtima unkagunda pang'onopang'ono, kenaka n'kuima, kenaka n'kuyambanso.

"Berekani mwana, mayi. Berekani tsopano lino."

Anawakweza panjinga, iwo akupalasa, Che Ajibu akuthamanga pambuyo ndi thumba la zigoba kuti akaonetse madokotala. Kuchipatala anawalandira msanga ndipo anayesetsa ndithu. Asiyatu anamwalira kutacha.

Nkhaniyi a Sandalamu anadzandiuzanso okha patapita zaka, ndipo anawonjezera chimene apongozi anga sanachidziwe. Ku nazale kuja akapitawo ankawauza kuti akadula mtengowu azisamba m'manja ndi sopo asanadye, ndipo asagwire m'maso. Iwo ankasambadi, tsiku lililonse. Anthu amene ankawagawira mbande ankawauzanso za utomoni. Koma za njere, za ana, za masanje, sizinawabwerere m'mutu. Anati ankadziwa, koma kudziwa kwawoko kunathera m'manja mwawo momwemo.

Maliro atatha, alendo a ku Mangochi atabwerera kwawo, a Sandalamu anayamba ndi heji wa pakhomo pawo. Anamuzula yense tsiku limodzi, manja mpaka matuza. Mawa lake anapita kwa Che Ajibu ndi khasu ndi chikwanje. Anawapeza atakhala pakhonde, nyundo ili pansi.

"Achimwene, khasulo n'la chiyani?"

"Ndabwera kudzazula."

"Mukazula, mwanayo adzuka?"



"Tamverani," anatero Che Ajibu. "Mulungu ndi amene anatipatsa, ndi amenenso watenga. Tsiku lake linakwana. Ine ndi mmene ndikuzionera, ndipo ndi mmene ndikuthera kudzuka m'mawa. Mukazula pano, ndiye kuti mwanena kuti mwana wanga munapha ndinu. Mukatero ine ndiyenera kukudani. Sindikufuna kukudani, achimwene. Ikani khasulo pansi, tengani bawo."

Anaika khasu pansi. Anasewera bawo tsiku limenelo, ndipo anapitiriza kusewera zaka zonse zimene Che Ajibu anakhala ndi moyo. Ine ndinawaonapo kambirimbiri: a Sandalamu nthawi zonse ankakhala chofulatira heji, ngakhale dzuwa liwawombe kumaso. Abiti Saidi sanaikepo mawu. Ankawapatsa moni wa ulemu, kuwaikira madzi akumwa, n'kulowa m'nyumba. Koma m'mawa uliwonse ankayenda m'mbali mwa heji uja ndi kabeseni, kuthyola kachipatso kalikonse kadakali kakang'ono. Pakhomo pamenepo sipanagwenso chipatso chakupsa. Mwana wina sanabereke.

Choncho a Sandalamu anatembenukira ku makomo ena onse. Ena anavomera msanga, makamaka chaka chimenecho mantha adakali m'mitima. Koma mantha amatha, ndipo njerwa sizinatsike mtengo. Anthu anayamba kufunsa kuti ngati bambo wa mwana womwalirayo sanadule, iwo adule chifukwa chiyani. Funso limeneli a Sandalamu akalimva ankangotembenuka n'kupita khomo lina.

Ndiponso mtengowu sufa msanga. Ukaudula, chitsa chimaphuka nthambi zambiri kuposa poyamba. Ukauzula n'kusiya njere munthaka, mvula yoyamba imazidzutsa. Ankati akamaliza mzere umodzi n'kufika kumapeto, koyambirira kuja kwamera kale. Ankanenanso kuti kudzala kunawatengera Maloweruka ochepa a unyamata, koma kuzula kwawadyera moyo wonse ndipo sikunathe. Akazi awo, asanamwalire, ankadandaula kuti mwamuna wawo amadziwa mizu ya m'makomo a eni kuposa denga la nyumba yake limene linkadontha. Ana awo atakula anasamukira ku Area 25, ndipo anayesa kangapo kuwatenga kuti akapume. Iwo ankati apita akamaliza.

Ine ndinawalola kuzula chitsamba cha pabafa chija mwana wanga woyamba atayamba kukwawa. Apongozi anga ananyinyirika koma sanaletse. A Sandalamu anakumba tsiku lonse mozungulira chitsa, akupuma kawirikawiri, kenaka anasefa dothi ndi manja kufuna njere zotsala. Ndinawapatsa tiyi, anakana kugwira kapu mpaka atasamba ndi sopo kawiri. Sanathokoze ndipo sanaoneke okondwa. Anangofunsa ngati ndikudziwa eni ake a nyumba yatsopano ya pakona.

Che Ajibu atamwalira, tonse tinkaganiza kuti tsopano nkhani ya heji uja itha. A Sandalamu anadikira mpaka masiku a maliro onse atadutsa, kenaka anapita, ulendo uno opanda khasu. Ine ndinali pomwepo, ndinapita kukabwereka sefa. Anakhala pansi penipeni, chipewa chili m'manja.

"Mayi, mukudziwa chimene ndabwerera."

"Ndikudziwa, bambo."

"Mphamvu zikutha. Ndimati ndichite ndidakali ndi manja."

Abiti Saidi anayang'ana heji. "Amuna anga anakana," anatero. "Ine sindingasinthe mawu a munthu amene sangathenso kuyankha. Pepani."

"Ndamva, mayi."

Anavutika kudzuka. Ndinawagwira mkono, ndipo sanakane.

Zaka zomaliza maondo anawakanika. Khasu anasiya, anatsala ndi thumba lija, kenaka nalonso linawalemera. Kawale nayenso anasintha. Eni nyumba akale ambiri anamwalira kapena anabwerera kumudzi, m'malo mwawo munabwera anthu a m'maboma osiyanasiyana amene sankadziwa za Asiyatu. Kwa iwowo a Sandalamu anali madala enaake osokonezeka mutu olimbana ndi maluwa. Tsiku lina mwana wawo anawatenga pagalimoto kupita nawo kukaonetsa maso. Pobwera anapempha kuti aime pamene anthu amagulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu. Anapeza mabelu ali m'machubu, mizeremizere, aang'ono, athanzi, othiriridwa bwino. Mnyamata wogulitsayo anawauza kuti ndi amene akuyenda malonda chifukwa savuta kusamala. Mwana wawo anandiuza kuti ankayembekeza kuti bambo ake ayamba kukalipa, koma sanatero. Anafunsa mnyamatayo ngati amasamba m'manja akamaliza ntchito, n'kubwerera m'galimoto.

Madzulo a tsiku limenelo ndinawapititsira phala. Sanalidye. Anati, "Mayi, ine ndatopa. Koma mtengo uja sutopa." Kuyambira pamenepo sanatulukenso panjira.

Pa tsiku la maliro, amayi a kumpingo anakhala kuseri kwa nyumba kuluka nkhata. Inali nthawi youma, maluwa osowa, ndiye atsikana amene anatumidwa kukathyola anabwera ndi zimene anapeza m'makomo: ofiira pang'ono, ndi achikasu ambiri. Amayiwo ambiri anali achilendo kuno, analuka osaganiza kanthu. Ife akale tinaona nkhatazo zitaikidwa kale pa tebulo pafupi ndi bokosi, abusa atayamba mwambo. Tinayang'anana, koma palibe amene analimba mtima kudzuka.

Amene anadzuka ndi Abiti Saidi. Anali atakhala kumapeto kwa mphasa ya azimayi, atafunda mpango wawo woyera. Anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo pakati pa anthu, nyimbo ili m'kati, mpaka pa tebulo. Anatenga nkhata yoyamba n'kuyamba kuzula maluwa achikasu limodzilimodzi, akuwaika m'nsonga ya chitenje chawo. Mayi wina wa yunifolomu ya mpingo anafuna kuwaletsa, apongozi anga anamukoka dzanja kuti akhale pansi. Abusa anadikira. Atamaliza, nkhata zonse zinatsala zoonda, masamba ndi timaluwa tofiira apa ndi apo. Anamanga chitenje chija, n'kubwerera pamalo pawo. Kumanda tinapita ndi nkhata zomwezo.

Nyumba ya a Sandalamu ndi yotseka tsopano. Ana awo anatenga katundu, anakhoma loko, akuti adzaikamo malendi akakonza denga. Pabwalo pake palibe mpanda, palibe duwa, palibe ngakhale mtengo wa mthunzi. Ndi dothi lofiira lokhalokha, lolimba ngati simenti chifukwa chosesedwa zaka zambirimbiri. Pa sitepe ya khonde pali kamgula kosalala pamene ankanolera khasu. Munthu wodutsa sangakhulupirire kuti pamenepa pankakhala katswiri wa maluwa.

Koma masana pamadzadza ana. Palibe amene anapangana, zinangoyamba zokha. Mayi akamapita kumsika kapena kukatunga madzi, amauza ana ake kuti akasewere kwa a Sandalamu, chifukwa m'dera lonse lino ndi bwalo lokhalo limene mwana angakwawe kuchokera uku mpaka uko osapeza choika m'kamwa. Amajambula mizere padothi, amadumpha chingwe, amakangana, amalira, amagwirizananso. Dzuwa likamalowa amaitanidwa mmodzimmodzi. Pamatsala mapazi ang'onoang'ono m'fumbi, ndi chitseko chotseka.